Kabokosi, katoni kapena kachikwama? Mkangano wa anthu osunga ma CD

Munthu amene ali ndi ma CD 20 alibe nkhawa, amangowaika pa display pafupi ndi deki basi nkhani yatha. Koma akafika 300, 500, ena mpaka 1000, ndi pomwe mutu umayamba kuwawa, ndipo chomwe chimadya malo m'nyumbamo si zimbalezo ayi koma timabokosi take. Tiyeni tiwerengere limodzi. CD payokha ndi yopyapyala, mamilimita 1.2 basi, m'lifupi mwake masentimita 12. Kabokosi kake ka pulasitiki kaja, komwe amakatcha jewel case, kunenepa kwake ndi pafupifupi sentimita imodzi. Ndiye ma CD 1000 mutawasanja opanda timabokosi angotenga mita imodzi ndi kachidutswa, koma ali m'timabokosi mwawo mufunika shelefu ya mamita 10, ndipo kulemera kwake kumayandikira makilogalamu 100, matumba awiri a chimanga amenewo. Amene anasamukapo nyumba ya lendi atanyamula makatoni a zimbale akudziwa zomwe ndikunena.

Apa ndi pomwe okonda nyimbo amagawikana. Ena amati tayani timabokosito, ikani zimbale mu kachikwama ka zipi, nyimbo ndi zomwezo. Ena amati chimbale chopanda chikuto chake chaluza theka la moyo wake. Ndipo ngakhale mwa osunga zikutowo mulinso mkangano wina, wa pulasitiki ndi katoni, womwe unayamba kalekale ndipo mpaka pano sunathe. Ine ndili ndi mbali yanga pa nkhaniyi ndipo sindibisa, koma kuti mumve chifukwa chake tiyambe taona kaye mmene CD inapangidwira, poti anthu ambiri amaiteteza mbali yolakwika.

CD inapangidwa ndi makampani awiri, Philips ya ku Netherlands ndi Sony ya ku Japan, ndipo inayamba kugulitsidwa ku Japan mu October 1982, ku Ulaya ndi ku America inafika mu 1983. Mukaigwira mumaona ngati ndi chinthu chimodzi koma ili ndi magawo. Gawo lalikulu ndi pulasitiki yoonekera ya polycarbonate, ndiyo mbali yonyezimira ija yomwe timaiopa kuigwira. Nyimbo zimadindidwa pamwamba pa pulasitiki imeneyi ngati timaenje tosaoneka ndi maso, kenako amapakapo chitsulo chopyapyala kwambiri, kawirikawiri aluminiyamu, kuti kuwala kwa laser kuzibwerera, pamwamba pakenso kavanishi kochepa zedi, ndiye pomaliza inki ya dzina la woimba. Zikutanthauza kuti nyimbozo zili pafupi kwambiri ndi mbali yolembedwa ija, osati mbali yonyezimira. Kukalika kwa pansi laser imatha kukudutsa, komanso deki ili ndi njira yake yokonzera zolakwika zing'onozing'ono, ndipo pansipo pangathe kupalidwa bwinobwino ndi makina n'kusalalanso. Koma mukakala pamwamba mpaka chitsulo chija kuchoka ndiye basi, nyimbo yapamenepo yapita ndipo palibe mmisiri angaibwezeretse. Yesani kuyang'anitsa CD yakale pa babu, mukaona timabowo ta kuwala tikudutsa, dziwani kuti ndi zimenezo.

Chinanso, nyimbo pa CD zimayenda mozungulira kuyambira pakati kupita kunja. N'chifukwa chake mzere wokalika wochoka pakati kupita m'mphepete suvuta kwenikweni, umangodula kachidutswa kochepa pa mzere uliwonse, pomwe kukalika kozungulira kotsata njira ya nyimboyo kumafufuta malo aatali nthawi imodzi ndipo deki imayamba kudumphadumpha kapena kukakamira pamodzimodzi. Popukuta CD muziyambira pakati kupita kunja ndi kansalu kofewa, chizolowezi chozunguliza CD pa malaya chija ndi chomwe chapha zimbale zambiri.

Tsopano jewel case. Anaikonza ndi Peter Doodson, yemwe ankagwira ntchito ku Philips, ndipo kukula kwake ndi mamilimita 142 ndi 125. Ili ndi zidutswa zitatu, chivindikiro chakutsogolo chomwe chimagwira kabuku, thireyi yapakati, ndi chakumbuyo chomwe chimatsekera pepala la mndandanda wa nyimbo lija lopindika m'mbali kuti dzina lizioneka mukaimika pa shelefu. Nzeru yake yaikulu ili pa timano ta pakati pa thireyiyo. CD imagwiridwa pa bowo pokha, n'kukhala ngati yalenjekeka, pansi sipakhudza kanthu pamwamba sipakhudza kanthu. Palibe chikuto china chotchipa chomwe chimachita zimenezi bwino kuposa pamenepa.

Nanga bwanji anthu amadana nayo chonchi? Chifukwa pulasitiki yake ndi polystyrene, yooneka bwino ngati galasi koma yosachedwa kusweka. Ikagwa kamodzi timikono tiwiri tomwe timagwira chivindikiro tija tathyoka, timano tapakati timagulukanso n'kumagubuduka mkatimo, CD n'kumayendayenda pamwamba pa tizidutswa takuthwato, ndipo chivindikiro chimachita ming'alu ngakhale musanachigwetse, kungoti wina wakhalira chikwama. Onjezanipo tizidutswa ta pulasitiki togwira kabuku tija, tomwe timatafuna m'mphepete mwa kabuku konenepa nthawi iliyonse mukutulutsa. Madandaulo onsewa ndi oona. Koma chomwe odana nayo amaiwala n'chakuti jewel case ndi yofanana dziko lonse lapansi, yosweka mumangoichotsa, kutenga ina ngakhale ya CD yomwe simuikonda, kusamutsa kabuku ndi pepala lakumbuyo, mphindi imodzi chimbale chabwerera mwakale. Pulasitiki ndi imene imalandira nkhonya zonse, pepala lili phee mkati.

Anthu amene anakulira pa zimbale zikuluzikulu za galamafoni, ma LP, dandaulo lawo linali lina. Chikuto cha LP ndi cha masentimita pafupifupi 31 mbali zonse, chithunzi chachikulu choti ungachipachike pakhoma, mawu a nyimbo owerengeka bwinobwino. CD itabwera zonsezo zinapanikizidwa pa kapepala ka masentimita 12, zilembo zinachepa moti mayina a oimba zida umachita kutsinzinira kuti uwaone, ndipo kwa iwowo kugwira pulasitiki yozizira m'malo mwa katoni kunali ngati nyimbo zasanduka katundu wa mu golosale. Ku America kunalinso chinthu china chodabwitsa chotchedwa longbox. Mashopu a nyimbo anali kale ndi mashelefu opangidwira ma LP ndipo sankafuna kugula atsopano, komanso ankaopa kuti kanthu kakang'ono chonchi akuba azingokalowetsa m'thumba, ndiye makampani ankaika jewel case mu katoni yaitali ya mainchi 6 ndi 12, kuti ziwiri zikagundizana zizikwana pamalo a LP imodzi. Wogula akafika kunyumba katoniyo amangoitaya. Oimba ena ndi anthu osamala zachilengedwe anakwiya nazo zinyalala zimenezi, woimba nyimbo za ana Raffi anakana kuti zimbale zake zizigulitsidwa choncho, gulu la R.E.M. mu 1991 linagwiritsa ntchito kumbuyo kwa katoniyo kusindikiza kalata yopempha aphungu kuti kulembetsa mavoti kuphweke, mpaka mu 1993 longbox inathetsedwa. Lero katoni zomwe anthu ankataya zija osunga zimbale amazisakasaka ndipo amalipira ndalama zambiri, poti zinatsala zochepa.

Yankho la odana ndi pulasitiki linali digipak, yomwe inachokera ku kampani ya AGI ku America m'zaka za m'ma 1980. Iyi ndi katoni yopindika ngati buku, mkati anamatamo thireyi ya pulasitiki. Kunena zoona digipak yatsopano ndi yokongola, chithunzi chimadzaza mbali zonse popanda galasi lotchinga, imatha kutambasuka katatu kapena kanayi, ikagwa siphwanyika, ndipo m'manja imamveka ngati kanthu kopangidwa ndi munthu woganiza. Oimba ambiri amaikonda pa chifukwa chimenechi. Vuto limabwera pakatha zaka. Ngodya zimabunthika, m'mphepete mumayera, nsana umasweka popindika paja, ikanyowa pang'ono yatupa, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti timano ta thireyi tikathyoka simungasinthe, poti thireyiyo anaimata ndi guluu pa chithunzi chenichenicho. Pa jewel case chowonongeka ndi chinthu cha ndalama zochepa chopezeka paliponse, pa digipak chowonongeka ndi chikuto chenichenicho chomwe sichigulitsidwa pachokha. Ichi n'chifukwa chake osunga zimbale enieni akagula digipak amaivekanso kathumba ka pulasitiki koonekera kunja, ndiye taonani, pulasitiki yomwe timaithawa ija yabwereranso pakhomo lakumbuyo.

Koma yomwe imandipweteka mtima ine si digipak, ndi timaenvulopu ta katoni topanda thireyi n'komwe, tomwe CD umachita kuikoka ngati ukutulutsa kalata. Makampani amati n'kusamala chilengedwe, ndipo n'zoona pulasitiki imachepa, komanso n'zotchipa kupanga ndi kutumiza. Koma nthawi iliyonse mukutulutsa ndi kubwezera, mbali zonse ziwiri za CD zikukhula pa katoni, kamchenga kamodzi kakalowamo kamalemba mzere, ndipo popeza palibe pogwira mumakakamizika kupana chimbalecho ndi zala pamalo onyezimira. Mabokosi akuluakulu a zimbale 10 kapena 20 za woimba mmodzi, odula kwambiri, nthawi zambiri ndi omwe amabwera ndi timatumba tothina chonchi, ena mpaka guluu wa popinda amamatirira pa CD isanaimbidwe n'kamodzi komwe.

A ku Japan okha nkhani imeneyi anaimvetsa. Kumeneko amapanga zikuto za katoni zotengera ndendende LP yoyambirira koma zazing'ono, ndipo CD amayamba aiika mu kathumba kofewa kamkati isanalowe mu katoni, kunja kwakenso kathumba kena komata. Ndiye pali kapepala kena kopyapyala kokuta nsana wa chimbale kotchedwa obi, dzina lake ndi la lamba wa kimono, pomwe amalembapo dzina la woimba m'Chijapani, mtengo ndi nambala ya chimbale. Munthu wosadziwa amakataya limodzi ndi pulasitiki yokutira, koma pa msika wa zimbale zakale CD ya ku Japan yokhala ndi obi imadula kuposa yomweyo yopanda obi. Kapepala chabe! Ndipo si zodabwitsa kuti dziko lomweli ndi limene CD ikadali ndi moyo, Tower Records inatseka mashopu ake ku America mu 2006 koma ya ku Shibuya mu Tokyo ikadali yotsegula, nyumba yosanja yodzaza zimbale.

Pali oimba ena omwe anatenga chikuto ngati gawo la luso lenilenilo. Pet Shop Boys mu 1993 anatulutsa chimbale mu kabokosi ka olenji kosaonekera kokhala ndi timatuza ngati zidole za Lego. Pink Floyd mu 1995 anaika kagetsi kofiira kophethira pa nsana wa bokosi, koyendera mabatire, moti usiku kamaoneka pa shelefu. Spiritualized mu 1997 anapakira CD ngati piritsi la kuchipatala, umachita kuboola pepala la siliva kuti uitulutse, ndi kapepala ka malangizo a kamwedwe mkati. Tool mu 2006 anaika magalasi oonera zithunzi pa chikuto ndipo anapata nacho mphoto ya Grammy ya kapakidwe. Zinthu zotere zimasangalatsa tsiku logula, koma funsani amene amazisunga, sizikwana pa shelefu ndi zinzake, batire likatha limatha kudontha n'kuwononga katoni, ndipo cha piritsicho ukangotsegula wachiwononga kale ndiye ena amagula ziwiri, china chomvera china chosunga.

Za kugula ziwiriziwirizi zafika pena ndi K-pop. Zimbale za ku South Korea zimabwera ngati buku la zithunzi, ndi timakadi ta nkhope za oimba tomwe sudziwa kuti upeza ka ndani mpaka utatsegula, ndiye achinyamata amagula chimbale chimodzimodzicho kambirimbiri kusaka kakadi ka amene amamukonda, CD yeniyeniyo ambiri saiika n'komwe mu deki poti nyimbo amamvera pa foni. Gulu la Seventeen linagulitsa makope oposa 6 miliyoni a chimbale chimodzi mu 2023. Okonda K-pop ena anayambitsa gulu la Kpop4Planet mu 2021 ndipo limadandaula za mulu wa pulasitiki womwe umatayidwa chifukwa cha mchitidwewu. Apa zinthu zatembenuka, chikuto ndiye katundu, CD yangokhala mphatso yoperekeza.

Tibwerere kunyumba kwa munthu wa ma CD 500 uja, yemwe mayi akunyumba amufunsa kale kawiri kuti makatoni awa achoka liti pabalaza. Njira yachangu ndi kachikwama ka zipi kokhala ndi timatumba, monga ta Case Logic tomwe tinadzaza m'magalimoto zaka za m'ma 2000, kamodzi kamanyamula ma CD 100 kapena 200 ndipo kamakwana pansi pa mpando. Ineyo ndinachitapo zimenezi ndi zimbale zomwe ndinkayenda nazo, ndipo patatha zaka ziwiri za fumbi ndi dzuwa la October zambiri zinali ndi timizere tosawerengeka, zina inki yapamwamba inamatirira ku pulasitiki ya kathumba moti potulutsa zilembo zinatsalira komweko. Zinandiwawa kwambiri chifukwa zina mwa izo sindinazipezenso. Chimachitika n'chakuti timatumba totchipa tambiri ndi ta PVC, pulasitiki yomwe amaithira mankhwala oifewetsa, ndipo kukatentha mankhwalawo amatuluka n'kumata pa chimbale. Timatumba ta polypropylene tokhala ndi kansalu kofewa mkati tilibe vuto limeneli, ndiye ngati mwasankha njira ya kachikwama yang'anani zimenezo, ndipo musakadzadze mpaka zipi kuvuta kutseka chifukwa zimbale zimapanikizana n'kupindika.

Koma kuwonongeka kwa CD si vuto lalikulu la kachikwama. Vuto lalikulu ndi zomwe zimatsalira kunja. Kabuku kena kamalowa mu kathumba, konenepa sikalowa, ndipo pepala lakumbuyo lija lokhala ndi mndandanda wa nyimbo, chaka, nambala ya chimbale ndi barcode silikwana n'komwe, ndiye limaponyedwa mu katoni ina, katoniyo n'kupita kuchipinda chosungira katundu, chiswe ndi mphemvu n'kumaliza nkhani. Pa Discogs, tsamba lomwe linayamba mu 2000 pomwe anthu amalembetsa ndi kugulitsana zimbale, CD ndi chikuto chake amazipatsa magiredi osiyana, ndipo palibe amene amadandaula kwenikweni za jewel case yosweka poti aliyense akudziwa kuti imasinthika, koma CD yopanda mapepala ake mtengo umagweratu. Msikawo ukutiuza chomwe chili chenicheni pamenepa.

Pali njira yapakati yomwe ine ndimaiona yanzeru kwa amene malo amuthera, timatumba tapadera ta polypropylene topangidwa kuti tinyamule zonse zitatu, CD, kabuku ndi pepala lakumbuyo losapinda. Mumataya pulasitiki yolimba yokha, ndipo malo omwe munkaika zimbale 100 mumaikapo 300 kapena kuposa, n'kuzisanja choimika mu dilowa kapena mu kabokosi ngati makadi a kuchipatala. Chomwe mumaluza ndi nsana. Simungaimenso patsogolo pa shelefu n'kumayendetsa maso pa mayina mpaka limodzi likukokeni, ndipo kwa anthu ambiri osunga zimbale chimenecho ndiye chisangalalo chenicheni, kupeza nyimbo yomwe sumaifuna chifukwa choti diso lagwerapo. Ndimawamvetsa amene amakana njira imeneyi pa chifukwa chokhachi. Za kasanjidwe, kaya motsata alifabeti kaya mtundu wa nyimbo kaya chaka, imeneyo ndi nkhani ya mwini, bola choimika osati chogoneka mulu, poti zapansi zimalemedwa n'kuchita ming'alu.

Ndiye pali nkhani yoti CD imaola, yomwe ena amaikana poti pachiyambi ankaitsatsa ngati chinthu chosatha. Chitsanzo chodziwika bwino ndi cha fakitale ya PDO, ya Philips ndi Du Pont, ku Blackburn ku England. Zimbale zambiri zomwe zinadindidwa kumeneko pakati pa 1988 ndi 1993 zinayamba kusintha mtundu n'kukhala zofiirira ngati mkuwa kuyambira m'mphepete, ndipo popeza CD imawerengedwa kuchokera pakati, nyimbo zomaliza ndi zomwe zinkayamba kulira phokoso. Chifukwa chake chinali vanishi wosalimba yemwe ankalola sulfure wochokera mu pepala la kabuku kufika pa chitsulo chonyezimira chija. Tangoganizani, kabuku komwe kali mu kabokosi komweko ndi komwe kankadya chimbale. Kampaniyo inavomera ndipo kwa zaka ndithu inkasinthira anthu zimbale zowonongeka. Mofananamo mabokosi onenepa akale a ma CD awiri kapena atatu, makamaka a nyimbo za classical, ankabwera ndi kasiponji kopyapyala mkati koteteza pa ulendo, ndipo kasiponji kameneka pakapita zaka kamafumbutuka n'kumatirira pa CD mpaka kudya mbali yolembedwa. Mukagula bokosi lotere pa kaunjika, choyamba tsegulani muchotse siponjiyo. Chinyezi nachonso si chocheza, mu 2001 asayansi a ku Spain anafotokoza za CD yochokera ku Belize yomwe inadyedwa ndi chuku mpaka chitsulo chake, ndiye amene muli kunyanja monga ku Nkhata Bay kapena ku Mangochi musaike makatoni a zimbale pansi pa simenti kapena kugundiza khoma lomwe limanyowa nthawi ya dzinja.

Zonsezi ndi za CD yodindidwa ku fakitale. CD-R, yomwe amaikopera pa kompyuta ija, ndi nyama ina. Ilibe timaenje todinda, ili ndi utoto wa mankhwala womwe laser imauwotcha polemba, n'chifukwa chake pansi pake pamaoneka mobiriwira kapena mwa buluu, ndipo utoto umenewu umafooka ndi dzuwa ndi kutentha. CD-R yosiyidwa pa dashboard masiku ochepa ingathe kufufutika osakalika n'pamodzi pomwe. Ndipo apa ndi pomwe nkhaniyi imatikhudza ife kwambiri kuposa anzathu a ku Ulaya, chifukwa zimbale zambiri za oimba akuno zomwe ndazigwira, za makwaya, za gospel, za achinyamata omwe ankagulitsa okha pa shoo kapena pa galimoto ya masipika mumsewu, ndi ma CD-R, zina mu jewel case yopyapyala zina mu kathumba ka pulasitiki chabe ndi kapepala kosindikiza pa printer.

Chimbale cha woimba wotchuka wa ku America chikawonongeka mupeza china mawa, makope ake alipo mamiliyoni, ku America kokha mu 2000 anagulitsa ma CD oposa 900 miliyoni chaka chimodzi. Koma kwaya ya mpingo wa kwanu yomwe inajambula makope ochepa mu 2006, studio yake inatseka, kompyuta yomwe munali nyimbozo inafa kalekale, mwina CD yomwe ili mu kabati mwanuyo ndi imodzi mwa zochepa zotsala. Nyimbo zathu zambiri zinayenda ulendo wa kaseti, nthawi yomwe O.G. Issa ku Limbe anali malo aakulu ogulitsira nyimbo, kenako CD, kenako ma burning centre ndi ma memory card, ndipo pa sitepe iliyonse china chake chinkagwa m'njira. Pofika pa foni fayilo yangolembedwa Track 04, kapena dzina la woimba lolakwika, palibe chaka, palibe studio, palibe amene anaimba bass kapena kiyibodi, palibe amene anapeka. Zonsezo zinali pa chikuto. Mukafuna kudziwa kuti ndani ankaimba zida pa nyimbo za ku Balaka zomwe zinkajambulidwa mu studio ya a Paul Banda, kapena mndandanda weniweni wa nyimbo pa Kuimba iliyonse ya Black Missionaries mmene unatulukira, umboni wake woyamba ndi timapepala timeneti. Ngakhale kasitika komata pa chikuto kaja ka COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso, ndi mbiri, kamasonyeza kuti kope limeneli linadutsa njira yovomerezeka ndipo silinali la mavenda okopera mwakuba. Malemu Lucius Banda atatisiya mu 2024 anthu ambiri anayamba kufunafuna zimbale zawo zakale, ndipo amene anasunga makaseti ndi ma CD ndi zikuto zake ndi amene anali ndi chogwira m'manja.

Ndiye ine mbali yanga ndi iyi. Pulasitiki ya jewel case sindiilirira, ngati malo alipo isungeni chifukwa palibe chomwe chimateteza CD kuposa iyo, ngati malo palibe ichotseni mtima uli m'malo. Koma pepala lililonse, kabuku, lakumbuyo, obi, ngakhale kasitika, limenelo musataye ndipo musalilekanitse ndi CD yake. Digipak ivekeni kathumba kunja, ya envulopu ya katoni ija CD yake muiike kaye mu kathumba kofewa kapena muisamutsire mu jewel case yopanda kanthu, envulopuyo n'kuisunga pambali pake. Pa CD-R musamate pepala, limakoka vanishi likayamba kumatuka komanso limapangitsa chimbale kuzungulira mopendama, ndipo ngati mukufuna kulemba lembani pa kabwalo koonekera kapakati paja pomwe palibe nyimbo.

Ndipo koperani. Izi sizitsutsana ndi kusunga, zimathandizana, chifukwa CD yomwe mwaikopera simuitulutsatulutsanso. Pa kompyuta ya Windows pali pulogalamu yaulere ya Exact Audio Copy yomwe imawerenga malo ovuta mobwerezabwereza mpaka itatsimikiza, ndipo musunge ngati FLAC osati MP3, poti FLAC sitaya kanthu pa mawu, chimbale chimodzi chimatenga mamegabayiti 300 kapena 400, pomwe MP3 imadula zina kuti fayilo ichepe ndipo zodulidwazo sizibwerera. Malaputopu atsopano ambiri alibe polowetsa CD, koma ka drive ka USB kamagwira ntchito bwinobwino. Yambani ndi ma CD-R a oimba akuno, amenewo ndi amene nthawi ikuwathera msanga, za kunja zodindidwa ku fakitale zingadikire. Mukamaliza kukopera jambulani chikuto ndi foni kutsogolo, kumbuyo ndi mkati momwe muli mayina, pamalo owala bwino kuti zilembo ziwerengeke, zithunzizo muziike mu foda imodzi ndi nyimbozo, ndipo foda imeneyo ikhale malo awiri, pa hard drive ndi kwina, kaya kwa m'bale wanu amene amakhala nyumba ina.